Makina ogawa madzi pa presha yaikulu: ndipange ndi chitsulo chanji?

Chisale wa ku Ndirande:
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi funso lomwe landisowetsa tulo masabata awiri tsopano. Ntchito yanga ndi yowotcherera ndi kudula zitsulo, ndipo ndalama zambiri zimandithera pa masilinda a okosijeni. Chaka chatha ndinaika mapanelo a sola a makilowati 5 pa shedi chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi, koma masana ambiri mphamvu ina imangopita pachabe. Ndiye ndaganiza zopanga electrolyser yangayanga, izigawa madzi, okosijeni mbali ina, haidrojeni mbali ina. Kakang'ono ndinayesapo kale ndi mapuleti a sitenilesi m'chigubu, thovu linkatuluka bwinobwino. Pano ndikufuna yolimba, yotsekeka, yoti presha izikwera yokha mpaka 150 bar ndizidzazira mu silinda popanda kompresa. Ndili ndi payipi yokhuthala, masentimita 20 m'mimba mwake. Mkatimo ndiikemo chitsulo chanji kuti chisadyeke? Nanga gasiketi ikhale ya chiyani?

Che Jafali, Mangochi:
Achimwene, tisanafike pa zitsulo tiyambe tawerengera zomwe mupeze. Makina abwino a kufakitale amadya ma kWh 50 mpaka 55 kuti atulutse kilo imodzi ya haidrojeni. Kilo imodziyo imabwera pamodzi ndi makilo 8 a okosijeni, kuchokera m'malita 9 a madzi. Mapanelo anuwo, dzuwa litawala bwino maola asanu, akupatsani ma kWh 25, mutapanda kuyatsa china chilichonse. Ndiye kuti theka la kilo ya haidrojeni ndi makilo 4 a okosijeni patsiku, omwe sakwana ngakhale ma cubic metre atatu. Silinda yaikulu imodzi ikutengerani masiku angapo. Sindikukugwetsani ulesi ayi, koma mudziwiretu kukula kwa nsomba musanagule ukonde.

Chisale wa ku Ndirande:
Zikomo Che Jafali. Ngakhale silinda imodzi pa sabata kwa ine ndi phindu ndithu.

Mwale, Chipata:
Ine ndine wopanga maboila, ndiye ndilankhule za payipiyo. Chivundikiro cha masentimita 20, pa 30 bar chokha, chimakankhidwa ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa matani pafupifupi 10. Pa 150 bar ndi matani oposa 45. Si payipi yomwe imayamba kugonja kawirikawiri, ndi pomwe mwawotcherera, mabawuti, ndi timabowo tomwe mwaboola kuti mudutsitse mawaya. Ndipo mpweya si madzi. Thanki ya madzi ikang'ambika imangothontha presha n'kutha, koma ya mpweya imaponya zidutswa. Chilichonse mungapange, muyambe mwachiyesa ndi madzi okhaokha pa presha yoposa yogwirira ntchito ndi theka, inu muli kuseri kwa khoma.

Tadala wa ku Zomba:
Ndine wophunzira za chemistry, ndiwonjezereko pang'ono. Bambo Chisale, m'chigubu chija munathiramo chiyani kuti magetsi azidutsa? Ndikufunsa chifukwa ambiri amathira mchere wa kukhitchini. Mcherewo umatulutsa mpweya wa kulorini, womwe ndi poizoni, komanso umaboola sitenilesi timabowo ting'onoting'ono. Chinanso, ngati madzi anasanduka achikasu, mwina munali chromium yochoka mu sitenilesiyo, ya mtundu woyambitsa khansa. Madzi otero musathire mu ngalande momwe ana amasewera.

Chisale wa ku Ndirande:
Ndinathira soda wopangira sopo, achemwali. Madzi anada pang'ono, ndinawasunga m'botolo, sindinataye.

Madala Mbewe, Kwekwe:
Ndalonjera ana anga nonse. Nkhaniyi yandifika pamtima, ndiye mundilole nditalikitse pang'ono.

Ine ndinabadwira kuno ku Kwekwe, makolo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito m'migodi. Moyo wanga wonse ndagwira ntchito ya ufita m'mafakitale a kuno. Zomwe mukukambazi si zachilendo kwa ife. Kuno kuli fakitale ya feteleza ya Sable Chemicals, yomwe kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 inkagawa madzi ndi magetsi kuti ipeze haidrojeni wopangira amoniya. Munali makina 28 a kampani ya ku Germany ya Lurgi, onse pamodzi ankadya pafupifupi megawati 100, ndipo ankagwira ntchito pa 30 bar. Anayenda zaka zoposa 40, mpaka mu 2015 pomwe mbali imeneyo inatsekedwa chifukwa cha mtengo ndi kuchepa kwa magetsi.

Chomwe ndikufuna mumve a Chisale ndi ichi. Anthu aja anali ndi mainjiniya, ndalama, ndi zitsulo zilizonse angafune. Anaima pa 30 bar. Amoniya amapangidwa pa presha yoposa pamenepo kutali, koma yotsalayo ankakweza ndi makompresa. Sikuti ankalephera kupanga khoma lokhuthala. Vuto la makina amenewa lili mkati, pa chotchinga chopyapyala chomwe chimalekanitsa haidrojeni ndi okosijeni. Chotchingacho chimayenera kulola madzi a potashi (mankhwala a potassium hydroxide omwe amathiridwa m'makinamo) kudutsa kuti magetsi ayende, koma chikanize mpweya. Chili ndi timabowo ngati nsalu. Mbali imodzi ikangoposa inzake presha pang'ono chabe, mpweya umawoloka. Ndiye tangoganizani, muli pa 150 bar mbali zonse, koma kusiyana kwake kusapitirire kulemera kwa madzi okwana chikhatho chimodzi kapena ziwiri mu payipi. Mukatsegula valuvu ya okosijeni kuti mudzaze silinda, mbali imeneyo presha yatsika, haidrojeni walowa. Silinda yomwe mwalemba kuti okosijeni yasanduka bomba, ndipo mukuitengera pa tochi yoyaka.

Funso lanu munalifunsa ngati la dzimbiri. Ine ndikuliona ngati la chotchinga.

Chisale wa ku Ndirande:
Madala, apa mwanditsegula maso. Ine ndimaganiza zongoika puleti ya pulasitiki pakati, yotseguka pansi, kuti mpweya uliwonse uzikwera mbali yake.

NaPhiri, Potchefstroom:
Moni a Chisale, moni Madala. Ndimagwira ntchito yoyesa makina amenewa kuno ku South Africa. Zomwe anena Madala n'zoona, ndipo pali china chomwe chimachitika ngakhale chotchinga chili chatsopano, chopanda bowo. Haidrojeni amasungunuka m'madzi ngati momwe mpweya umakhalira mu botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi. Presha ikakwera, wosungunukayo amachuluka, ndipo amawoloka mwakachetechete kupita kwa okosijeni. Puleti yotseguka pansi singamuletse. Haidrojeni akafika pa 4 peresenti mu okosijeni, kamoto kakang'ono kokha kaphulitsa zonse. N'chifukwa chake makina a kufakitale amazima okha akafika pa 2 peresenti.

Tsono mbali yomwe ikukhudza inu kwambiri ndi ya sola. Haidrojeni wowolokayo sachepa magetsi akachepa, amawolokabe chimodzimodzi malinga presha ilipo. Koma okosijeni wopangidwa amachepa. Ndiye mtambo ukaphimba dzuwa, kapena m'mawa ndi madzulo, ndi pomwe msakanizo umafika poopsa. Zofanana ndi izi zinachitika ku Gangneung, ku South Korea, mu Meyi 2019. Kunali malo oyeserapo kupanga haidrojeni ndi magetsi a dzuwa. Makina ankayendetsedwa pa mphamvu yochepa kuposa yoyenera, okosijeni analowa m'mathanki a haidrojeni, mathanki anaphulika. Anthu awiri anamwalira, asanu ndi mmodzi anavulala. Amenewo anali mathanki opangidwa kufakitale.

Madala Mbewe, Kwekwe:
Mwana wanga NaPhiri wandikumbutsa ina yomwe tinkaphunzitsidwa. Mu 1975 ku Ilford, ku London, pa fakitale ya Laporte, makina a mtundu womwewu wa Lurgi anaphulika, munthu mmodzi anamwalira. Mkati mwa maselo, tizipinda momwe madzi amagawidwira, munali mutadyeka, haidrojeni n'kulowa m'thanki yolekanitsira okosijeni. Kunja makina ankaoneka abwinobwino.

Che Jafali, Mangochi:
Nkhani ya mitambo ija ndiyoona. Nyengo ya mvula mapanelo amatha kugwa kuchoka pa mphamvu yonse kufika pa gawo laling'ono m'mphindi imodzi. Popanda batire pakati, makina otere azingoyaka ndi kuzima tsiku lonse.

NaPhiri, Potchefstroom:
Ndipo kuyaka ndi kuzimako kumadya ma electrode, mapuleti omwe amalowetsa magetsi m'madzi. Makina a potashi akazima, magetsi ena amabwerera chammbuyo kudzera m'madzi omwe amalumikiza maselo, n'kumawononga zokutira za pa nikelo. Batire lothandiza kuti mphamvu isamadumphedumphe si chinthu chongokometsera.

Tadala wa ku Zomba:
Komabe funso la zitsulo lisatayike, chifukwa nanenso ndikufuna kudziwa. Aunt NaPhiri, potashi wotentha amagwirizana ndi chiyani?

NaPhiri, Potchefstroom:
Chabwino Tadala. Makina a mtundu wa alkaline amagwiritsa potassium hydroxide wa 25 mpaka 30 peresenti, pa kutentha kwa madigiri 70 mpaka 90. Mfumu ya m'madzi amenewo ndi nikelo. Ma electrode amakhala a nikelo kapena chitsulo chokutidwa ndi nikelo, ndipo mafelemu ndi mathanki nawonso nthawi zambiri amakutidwa nayo. Aluminiyamu musayerekeze, amasungunuka n'kumatulutsa haidrojeni pomwe simukumufuna. Chitsulo cha galata chimodzimodzi, zinki yake imatha. Mkuwa ndi burasi sizikhalitsa. Ngakhale galasi wamba limadyeka pang'onopang'ono, ndiye kagalasi koonera mlingo wa madzi kasakhale kongotola.

Sitenilesi ili pakatikati. Pozizira komanso pa presha yochepa, ya mtundu wa 316L imapirira ndithu. Koma potashi akatentha kwambiri, chitsulo chili chokokeka ndi presha, ming'alu yopyapyala imatha kuyamba makamaka m'mbali mwa mowotcherera. Simuiona ndi maso mpaka tsiku lomwe yadutsa.

Mbali ya haidrojeni ili ndi nthenda yakeyake. Haidrojeni ndi wamng'ono kwambiri moti amalowa m'kati mwa chitsulo n'kuchifooketsa, chimathyoka ngati mbale yadothi m'malo mopindika. Chodabwitsa n'chakuti zitsulo zolimba kwambiri, monga mabawuti a high tensile ndi masipuling'i, ndi zomwe zimagwidwa msanga. N'chifukwa chake mapayipi a haidrojeni wa presha amakonda kukhala a 316L yokhala ndi nikelo wokwanira. Payipi yomwe simukudziwa kuti ndi chitsulo chanji, ngakhale ikhuthale bwanji, musaidalire.

Chotchinga kale chinkakhala cha asibesitosi. Pano ambiri amagwiritsa Zirfon ya kampani ya Agfa ya ku Belgium, yopangidwa ndi zirconium oxide ndi pulasitiki ya polysulfone, yokhuthala pafupifupi theka la milimita.

Mwale, Chipata:
Pa gasiketi ndiyankheko ine. Labala wa chubu cha galimoto iwalani. EPDM, mtundu wina wa labala, imapirira potashi. Viton, yomwe ambiri timaiona ngati yapamwamba chifukwa imapirira mafuta ndi kutentha, potashi wotentha amaiwononga. PTFE, pulasitiki yomwe ambiri amaitcha Teflon, mankhwala saikhudza, koma ili ndi khalidwe loti ukaifinya imapitiriza kuphwatalala pang'onopang'ono. Lero mwamanga bwino, pakatha miyezi itatu mabawuti alefuka okha. Onjezani kuti makina akutentha masana, kuzizira usiku, zitsulo zikufutukuka ndi kubwerera. N'chifukwa chake pa mabawuti aatali omanga maselo amaikapo mawashala opindika ngati mbale, omwe amakankhabe gasiketi ikaphwa. Ndipo gasiketi ya presha ikhale mu mpata wosemedwa, isangopanidwa pakati pa mapuleti osalala, apo ayi presha imaitulutsira kunja ngati nsima pakati pa zala.

Mukaona zithunzi za makina a presha, maselo ake ndi ozungulira. Si kukongoletsa. Pa ngodya ndi pomwe mphamvu imaunjikana.

Madala Mbewe, Kwekwe:
Ndipo okosijeni musamuone ngati wofatsa. Pa presha yaikulu, girisi kapena mafuta pang'ono chabe amayaka okha popanda machesi. Ndili mnyamata, pa shopu ina yomwe ndinkagwira, mnzanga anatenga geji yomwe inagwirapo ntchito pa makina a mafuta n'kuimanga pa laini ya okosijeni. Atangotsegula valuvu, geji inaphulika n'kumutentha dzanja, zala ziwiri sizinagwirenso bwino ntchito mpaka anapuma. Inu a Chisale monga wowotcherera mukudziwa kale kuti regulator sitiipaka girisi. Lamulo lomwelo ligwire pa chilichonse cha mbali ya okosijeni, ngakhale ulusi wa payipi womwe mwadula ndi mafuta.

Chisale wa ku Ndirande:
Limenelo ndimalisunga, Madala. Koma ndinaonapo pa YouTube makina a Honda omwe amatulutsa haidrojeni wa presha yaikulu popanda kompresa. Iwowo amatha bwanji?

NaPhiri, Potchefstroom:
Munaona zoona. Honda inapanga makina otulutsa haidrojeni pa 350 bar popanda kompresa, kenako inafika pa 700. Koma umenewo ndi mtundu wina, wa PEM, ndipo ndi womwe ndimagwira nawo ine. Mulibe potashi, mumalowa madzi oyera okhaokha. Pakati, m'malo mwa chotchinga chija, pali membrane yolimba yopanda timabowo, yambiri ndi Nafion yomwe inapangidwa ndi DuPont m'zaka za m'ma 1960. Yokhuthala yake sikwana ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a milimita. Poti ilibe timabowo, mbali ya haidrojeni itha kukhala pa presha yaikulu pomwe ya okosijeni ili pa presha wamba. Kuti isang'ambike, imatsamira pa kapuleti ka titaniyamu kokhala ngati siponji yolimba.

Kukweza presha mwa njira imeneyi sikudya magetsi ambiri. Selo imayenda pa mavoti 1.8 mpaka 2, ndipo kuchulukitsa presha kakhumi kumangowonjezera pafupifupi mavoti 0.03. Mtengo weniweni umabwera pa haidrojeni wowoloka uja. Mukakhuthalitsa membrane kuti asawoloke, magetsi amavutika kudutsa, makina amatentha n'kudya zambiri. Mukaipyapyalitsa, amawoloka wambiri. Ena amaika platinamu pang'ono mkati mwa membrane kuti haidrojeni wowolokayo akumane ndi okosijeni n'kubwerera kukhala madzi. Pa zifukwa zimenezi makina ambiri a PEM ogulitsidwa amaima pa 30 kapena 40 bar, pafupi pomwe anaima a ku Kwekwe aja. Ndipo 30 bar si yochepa. Kuchoka pa 1 kufika pa 30 mwachulukitsa ka 30, pomwe kuchoka pa 30 kufika pa 150 ndi kasanu kokha. Ntchito yolemetsa ya kompresa yatha kale.

Tsono mkati mwa PEM ndi mwa asidi. Nikelo ndi sitenilesi zimasungunuka mbali ya okosijeni, ndipo tizitsulo tosungunukato timapha membrane. Pamafunika titaniyamu, nayenso amachita kachikhungu kotchinga magetsi, ndiye amamukuta ndi platinamu. Mbali ya haidrojeni pamakhala platinamu, ya okosijeni iridiyamu. Iridiyamu dziko lonse limakumba matani 7 kapena 8 okha pachaka, wambiri kuchokera ku Bushveld kuno ku South Africa, wina ku Great Dyke kwa Madala ku Zimbabwe. N'chifukwa chake boma la kuno linakhazikitsa pulogalamu ya HySA mu 2008, kuti miyala imeneyi isamangotuluka yosaphika.

Koma a Chisale, onani pomwe PEM ikukusiyani. Presha yaikulu ili kwa haidrojeni. Okosijeni amamusiya pansi dala, chifukwa titaniyamu amatha kuyaka mu okosijeni wa presha. Inu mukufuna okosijeniyo.

Chisale wa ku Ndirande:
Ndiye kuti mbali zonse zanditsekera.

Che Jafali, Mangochi:
Nanga makina a PSA ngati omwe amaika m'zipatala, osefa okosijeni mu mphepo? Amadya magetsi ochepa kwambiri poyerekeza ndi kugawa madzi.

Mwale, Chipata:
Amatulutsa wa 93 peresenti, Che Jafali. Wodwala amamuthandiza, kuwotcherera ndi burezing'i atha, koma kudula puleti yokhuthala kumafuna wa 99.5. Akachepa pang'ono, tochi imayenda mochedwa ndipo m'mphepete mumatsala zonyansa. Pamenepo a Chisale sanalakwe kuganiza za madzi, okosijeni wake amakhala woyera kwambiri akaumitsidwa ndi kuchotsedwa haidrojeni.

Tadala wa ku Zomba:
Madzinso tisawaiwale. A pampopi kapena a pa mjigo ali ndi laimu, chitsulo ndi mchere. Madzi akamagawidwa, zimenezo zimatsalira mkati n'kumaunjikana tsiku ndi tsiku, kutseka tinjira ndi kudya ma electrode. Ku Chikwawa ndi Nsanje mijigo ina ndi yamchere woti ngakhale pakamwa umamveka. Pamafunika madzi osefedwa ngati othira m'batire, malita 4 kapena 5 patsiku pa mulingo wa a Chisale. PEM ndiye imafuna oyera kuposa pamenepo.

Madala Mbewe, Kwekwe:
Mwana wanga Chisale, usagwe mphwayi. Sizinakutsekere zonse, chatsekeka ndi chidule chodzazira silinda mwachindunji. Ukanakhala mwana wanga wobala ndikanakuuza chonchi. Panga makina a potashi a maselo ochepa, a nikelo, chotchinga chogula chenicheni, gasiketi za EPDM, pa presha yosapitirira theka la bar. Mpweya uliwonse ukhale ndi thanki yake yolekanitsira madzi, ndipo pansi pa mathanki awiriwo palumikizane kuti mlingo wa madzi uzikuuza ngati mbali ina yayamba kukankha. Aike panja, pansi pa denga lotseguka pamwamba, chifukwa haidrojeni amakwera n'kukaunjikana kudenga, ndipo moto wake masana suoneka. Ayende miyezi isanu ndi umodzi, kenako umasule uone chomwe chadyeka. Ukadzafuna kudzaza silinda, imeneyo ndi ntchito ya kompresa yopangidwira okosijeni, yopanda mafuta, ndipo silindayo ikhale yako yoyesedwa, osati ya kampani yomwe umabwereka.

NaPhiri, Potchefstroom:
Ndikugwirizana ndi Madala, ndingowonjeza chimodzi chomwe sindingagonje nacho. Musasunge mpweya uliwonse, ngakhale pa presha yochepa, musanakhale ndi chipangizo choyeza haidrojeni mu okosijeni, cholumikizidwa kuti chizizimitsa magetsi chokha. Maso ndi mphuno sizingakuuzeni. Muikenso malire oti mphamvu ya sola ikatsika kwambiri makina azime, mpweya wa nthawi imeneyo utayidwe panja. Muyezo wa ISO 22734 ndi womwe umafotokoza za chitetezo cha makina amenewa, ndi wofunika kuuwerenga musanagule kanthu.

Che Jafali, Mangochi:
Za kuzimitsa mphamvu ikatsika ndingakuthandizeni, ndi relay ndi ka controller basi. Mundiuze mavoti ndi ma amp a maselo anu mukapanga chiganizo.

Chisale wa ku Ndirande:
Zikomo nonse, makamaka Madala ndi a NaPhiri. Payipi ija ndaibweza pa mulu wa zitsulo. Ndiyamba ndi maselo asanu pa presha yochepa, kuseri kwa shedi komwe kulibe denga la malata. Haidrojeni ndizimutaya kaye m'mwamba kudzera pa payipi yaitali mpaka nditapeza choyezera. A NaPhiri, mapuleti a nikelo kuno sindinawaonepo. Kodi sitenilesi ya 316L yokutidwa ndi nikelo kwa anthu okuta zitsulo ingakwane poyambira?

NaPhiri, Potchefstroom:
Ingakwane, bola akute nikelo yekha, asaikepo chrome pamwamba ngati momwe amachitira ndi mabampala. Muwauze kuti chokutiracho chikhale chokhuthala ndi chopanda timabowo, ndipo mabowo onse muboole musanapite nazo, kuti m'mphepete namonso mukutidwe. Mukazitenga, dulani kachidutswa kamodzi mukaviike mu potashi wofunda kwa sabata, mudzatitumizire chithunzi pano tione ngati chayamba kusupuka.